Mmisiri Amene Analoza Nyumba ya Eni Ake

Panali munthu wina, dzina lake Matewere, mwini kakampani komanga nyumba. Iwe unkangonena nyumba imene ukuilota, iye n'kukumangira. Ndipo kumanga ankadziwa, abale. Khoma lake ukaligunda ndi galimoto, wopita kugalaja ndi iweyo! Koma nyumba zake zinali zing'onozing'ono, za aphunzitsi ndi anamwino, m'katikati mwa malokesheni. Ankachita nazo manyazi.

Ndiye pachikwangwani cha kampani anaikapo chithunzi cha nyumba ya eni chimene anangochipeza pafoni. Chinyumba chosanja, denga layera mbuu ndi chisanu cha ku Ulaya, pakhonde pali mzungu akusisita galu. Anthu podutsa ankakuwa: "Madala, mzunguyo mumamanganso?"

Ntchito inauma gwa. Amisiri ake anayamba kuthawa mmodzimmodzi. Otsalawo anamuuza pamaso: "Bwana, mwezi uno ukatha tili manja lende, ifenso tinyamula zida zathu."

Mwezi uli pafupi kutha, kunabwera mayi Nasibeko, mphunzitsi wopuma ntchito. Anali ndi puloti, ankafuna nyumba yokalambiramo. Anayang'ana chikwangwani chija, sanaseke.

"Bambo Matewere, chithunzi sichidontha. Ndipititseni kunyumba imene munamanga, ndikafunse mwini wake mmene imakhalira dzinja."

Matewere anadzifunsa mumtima: Mayi wooneka bwino chotere, n'kumutengera kumatope a kulokesheni? Anawakweza pagalimoto, ulendo wa kumayadi. Anaima pageti la chinyumba chimene ankangochisirira podutsa, n'kutulutsa chifuwa ngati tambala.

"Iyo, mayi! Manja anga omwewa! Maziko ake, mukaponyamo mwala lero, mukaumva mawa ukugwa!"

Injini sanazimitse. Koma anangomva chitseko kwee, mayi atsika.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Kukaodira."

"Eni ake ali ku Joni!"

"Nanga zovala zili pachingwezo wayanika ndani?"

"Kuli agalu, mayi! Agalu oopsa, anadya mlonda ndi tochi yomwe!"

Mayi ali go! go! go! pageti. Matewere thukuta kamukamu. Anapemphera pemphero limene sanapempherepo chibadwire: Ambuye, anthu amenewa akhale kumaliro.

Geti linatseguka. Anatuluka mkulu wina wa imvi, ndodo kumanja.

"Pepani bambo," anatero mayi Nasibeko, "ndimafuna ndimve za mmisiri wanu uyu. Anakumangirani bwino?"

Mkulu uja anamuyang'ana Matewere kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Uyu? Nyumba ino anamanga malemu bambo anga, uyu asanamere mano. Ndipo ikudontha, mayi. Pabalaza tinayala mabeseni ngati pamsika."

Ngakhale agalu aja, amene kunalibe, anachita manyazi.

Mayi Nasibeko anatembenuka pang'onopang'ono.

"Chaka cha namondwe chija ndinathawira kwa mng'ono wanga ku Bangwe. Madenga a anzake onse anauluka. Kanyumba kake sikanagwedezeke, ngakhale dontho limodzi. Ndinafunsa kuti anamanga ndani, anati Matewere. Ndinabwera kwa inu kufuna nyumba ngati imeneyo. Koma munthu wonama pageti, adzaleka bwanji kunama pasimenti?"

Anakana kukweranso galimoto yake. Anayenda wapansi kukadikira minibasi. Mwezi unatha, amisiri aja ananyamula zida zawo.

Tsono iwe amene ukundimva, kaya umamanga, kaya umasoka, kaya umawotcherera: munthu wobwera pakhomo pako mwina watumidwa ndi kantchito kamene iwe ukukabisa. Akati "ndionetse", mutengere kumeneko, ngakhale kukhale kumatope. Usaloze geti la eni ake. Mageti amatseguka.