Telala amene anadumpha tsamba

Panali telala wina amene ankasoka pakhonde la sitolo pamsika wa kwawo. Anali waluso, wosajomba kutchalitchi, ndipo Lamulungu akaima kutsogolo kuwerenga Mawu, anthu ankagwedeza mitu. Koma munthuyu anali ndi kanthu kake kumtima. Kutauni kumene ankapikula nsalu anaberekako mwana wamkazi ndi mayi wina. Chibwenzicho chinatha kalekale, koma mwana satha, amangokulirakulira. Mkazi wake, Nangozo, sankadziwa kalikonse.

Chaka china amayi a mumpingo anapeza buku la nthano yachikhristu yonena za banja limene linagwedezeka chifukwa cha kusakhulupirika. Bukulo linali limodzi lokha, choncho linkayenda khomo ndi khomo, sabata ino kwa uyu, yamawa kwa uyo. Anapangana kuti onse akamaliza adzakumane Lachinayi, aliyense adzanenepo maganizo ake.

Womaliza kulilandira anali Nangozo. Iyeyu sukulu analekezera panjira, zilembo zinkamuvuta. Ndiye anapita nalo kwa mwamuna wake.

"Abambo, mundiwerengereko. Sindifuna kukangokhala duu anzanga akulankhula."

Telala anavomera ndi mtima wonse, pajatu kuwerenga kunali kunyada kwake. Akaweruka dzuwa likadalipo, ankakhala pansi pa mtengo wa mango, iye n'kumawerenga, mkazi wake akusankha nyemba. Tsiku loyamba zinayenda bwino. Lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu maso ake anathamanga kutsogolo kwa pakamwa, ndipo anaona zimene zinkabwera: mwamuna wa m'bukumo anali ndi mwana kunja, ndipo ankabisa.

Abale anga, munthu uja thukuta kamukamu. Anatsokomola, napempha madzi. Anachita mantha kuti akawerenga tsambalo mawu ake anjenjemera, mkazi wake n'kumuyang'ana kumaso, banja la zaka makumi awiri n'kuthera pomwepo. Ndiye anatembenuza masamba atatu pamodzi, nayamba kusoka nthano yakeyake. Telala ndi telala! Anati mwamuna uja anangopereka moni kwa mayi wina pamsewu, mkazi wake n'kupsa mtima popanda chifukwa. Anati mkaziyo anazindikira kuti nsanje ndi tchimo, napepesa, banja n'kukhala pamtendere. Kenako anatseka bukulo, nati nthano yathera pomwepo. Anasoka bwinobwino, msoko wosaoneka, mpaka iye mwini anatsala pang'ono kukhulupirira.

Lachinayi Nangozo anavala zoyera napita kumsonkhano, buku lili kukhwapa. Telala anatsala pamakina ake akuimba kanyimbo, poganiza kuti wapulumuka.

Chakumadzulo anangoona buku lija laikidwa pamwamba pa nsalu imene ankasoka. Atadzutsa mutu anaona mkazi wake ataima, maso ali psuu.

Nangozo anakhala pabenchi la makasitomala namufotokozera zonse, osakweza mawu. Amayi atatsegula ndi pemphero, anayamba kutsutsana. Wina anati mkazi wa m'bukumo anachedwa kukhululuka, chaka chathunthu ali kwa amake, ngati kuti Baibulo sankalidziwa. Wina anati ayi, anafulumira, iye akanakhala mwini wake sakanabwerera ngakhale atamutumira ankhoswe khumi. Mayi wina wachikulire anati olemba mabuku amakonda kunamiza anthu, amuna ogwada pansi n'kulira chonchija iye sanawaonepo chibadwire. Amayi abusa anati iwo chinawakhudza n'chakuti wosalakwa m'nkhani yonseyo anali mwana, koma ndiye amene anavutika kwambiri.

"Ine n'kufunsa kuti, mwana uti?" anatero Nangozo. "N'kuwonjezera kuti wolakwa ndi mkazi, nsanje yake yopanda pake. Anthu anangoyang'anana. Kenako wina anaseka. Amayi abusa anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, kodi anakuwerengerani ndani? Manyazi amene ndachita lero sindinawachitepo. Tsopano mundiwerengere pamene munadumpha."

Njira zothawira zinalipo. Akanatha kunena kuti masamba anamatirirana. Akanatha kunena kuti ankamuteteza ku nkhani zonyansa. Lilime lake linali litayamba kale kuyeza bodza lina. Koma anayang'ana mayi amene anamukhulupirira mpaka kukaima pagulu ndi mawu ake abodza, ndipo anadzimvera chisoni, nanyansidwa ndi moyo wake.

Anatsegula bukulo nawerenga tsamba lija monga linalembedwera. Atafika pakati analitseka.

"Amayi, zotsalazo sizili m'buku. Ndili ndi mwana kutauni. Ndi wamkazi, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakulakwirani, ndipo ndakhala ndikukunamizani zaka zonsezi."

Nangozo sanakuwe. Anayang'ana pansi, misozi ikugwera pachitenje. Kenako anaimirira napita. M'mawa mwake anamanga kamtolo kake napita kwa mlongo wake, amene anali nkhoswe ya banjalo.

Musaganize kuti zinatha msanga ngati mmene telala anasokera nthano yake ija. Ayi ndithu. Mvula inagwa, anthu anabzala, anapalira, chimanga chinamasula, mayi osabwera. Telala anasiya kuwerenga kutsogolo m'tchalitchi, nakhala kumbuyo. Anapita yekha kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri naulula, osadikira kuitanidwa. Pamsika anthu ankamuloza ndi milomo, ena n'kumamuseka kuti mapanga awiri avumbwitsa. Iye anangoti ndi zoona, n'kumapalasa makina ake. Zinkamuwawa, komabe kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ankayenda wopanda chobisa.

Anthu atayamba kudya mondokwa, tsiku lina masana Nangozo anatulukira pakhonde paja. Anali ataonda. Telala anaimirira.

"Khalani pansi," anatero mayiyo. "Mtima wanga sunapole, musadzinamize. Koma ndabwera. Chija munandiwerengera poyamba sindikanatha kuchikhululukira, chifukwa munalibe cholakwa m'menemo. Ichi mwandiuzachi ndi cholemera, koma ndikuchidziwa, ndipo ndiyesa kuchisenza."

Kenako anamasula mpango wake natulutsa nsalu ya buluu, mamita awiri.

"Ndinapita kukamuona mwana uja. Akupita kusukulu ndi diresi long'ambika kumsana, mwana wa telala! Mukapemphe kwa amake, Loweruka abwere mudzamuyeze. Adzadyera kwathu."

Telala anagwira nsaluyo ndi manja awiri, nalira ngati mwana, anthu a pamsika akuona.

Inu amene mukundimvera, nkhani za mabanja a ena timaziweruza mosavuta. Uyu anachedwa kukhululuka, uyo anafulumira, winayo akanachoka. Pakamwa pathu sipatopa. Koma aliyense wa ife ali ndi tsamba limene amalidumpha akamawerengera mnzake za moyo wake. Mukufuna akukhululukireni chiyani, pamene chimene munachita simunachitchule? Ngakhale pamaso pa Mulungu timayamba ndi kuvomereza. Ngati kunyumba kwanu kuli munthu amene akukhala ndi nthano yosokedwa ndi inu, pitani mukamuuze yeniyeniyo asanaimve kwa ena. Mwina adzalira, mwina adzayamba wachoka. Koma mukatero mwamupatsa chinthu choti akhululukire.