Malo a Bambo pa Mkeka

Che Ndembo anafika pa madrasa pathu Lolemba m'mawa, ana asanayambe kusoma, ndiko kuti kuwerenga Chiarabu mokweza. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Haji, moti Ntaja yense ankawatchula kuti Alhaji. Galimoto anaimika pakhomo penipeni, fumbi lonse n'kuthera m'kalasi. Ine nthawi imeneyo ndinkathandiza Shehe Twaha Mbwana kuphunzitsa ana aang'ono, ndiye izi sindinachite kumva kwa munthu ayi.

Shehe anayankha salamu, n'kupatsa mlendoyo mpando wawo womwe, iwo n'kukhala pa njerwa.

"Shehe, ndabwera ndi dandaulo," anatero Alhaji. "Dzulo pa sadaka yanga munandichititsa manyazi."

"Pepani, Alhaji. Ndionetseni pamene ndinalakwa."

"Munalipo, munaona nokha. Ndinaitana Sudi kuti asome pamaso pa alendo. Mwana wanga, magazi anga! Anangoti duu kundiyang'ana, kenako n'kuthawira kuseri kwa mkanjo wanu. Inu mutangomugwira dzanja, anasoma mpaka kumapeto osapunthwa. Anthu ankasangalala, ine mtima ukuwawa. Kodi mwamudyetsa chiyani mwana wanga?"

Apa ndifotokoze kaye mwambo wathu. Lachinayi lililonse makolo a ana aang'ono ankabwera kudzakhala pamkeka, aliyense pambali pa mwana wake, atamugwirira kabuku pamene mwanayo akusoma zimene waphunzira sabata imeneyo. Sitinkafunsa ngati khololo limadziwa Chiarabu. Ankabwera amayi ogulitsa tomato, ankabwera akabaza thukuta lili kamukamu, ena ogwira kabukuko chozondotsa, ana n'kumawaseka.

Sudi anali wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mayi ake anamwalira iye ali wakhanda. Bambo akewo sitolo yawo ya malata inali pafupi, poti ukakuwa pakhonde pathu akumva. Koma iwo ankaganiza kuti Lachinayi ndi tsiku lodyetsa ana. Ankatumiza katoni ya mabisiketi ndi chakumwa, osaphonya ngakhale kamodzi, ndipo ife tinkadya n'kumawayamika. Kamwanako kankakhala kokha, maso ali kukhomo, mpaka Shehe ankapinda maondo awo okalamba n'kukhala pamalo a bambo. Zinkandimvetsa chisoni, sindinama.

"Sindinamudyetse kanthu, Alhaji," anatero Shehe modekha. "Koma ndiloleni ndifunse. Kodi mukudziwa chilembo chimene chinamuvuta Sudi mpaka kulira?"

"Zimenezo ndi zanu aphunzitsi. Ine yanga ndinachita. Denga ili anakhoma ndani? Lachinayi liti limene ana anagona ndi njala?"

"Denga munakhoma inu, ndipo Allah akulipireni zabwino. Mvula siitivutitsanso. Koma mwanayo sankadikira mabisiketi. Ankati katoni ikalowa, iye amasuzumira kumbuyo kwa woinyamulayo."

 Alhaji anavula chipewa, anachiyang'ana, n'kuchivalanso. Munthu uja anabwera akufuka utsi, koma tsopano mawu ake anatsika mpaka ine ndinachita kusendera kuti ndimve.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakutumirani uthenga, inu munawonjezera katoni ina. Pamenepo ndinayenera kubwera ndekha kusitolo kwanu, koma ndinaopa kukuvutitsani. Kulakwa kumeneko n'kwanga, ndipo ndikupempha mundikhululukire. Malo anu ndinawakhala nthawi yaitali kwambiri."

M'kalasi ana anali atayamba kusoma mokweza, aliyense ndi liwu lake. Alhaji anatchera khutu ndithu. Ndinaona kuti akuyesa kupeza liwu la mwana wawo m'phokosomo, ndipo sanalipeze. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ine n'kuyang'ana kumbali.

"Shehe," anatero pomaliza, "mubwezereni pa alifu, chilembo choyamba chija. Ayambirenso, ine ndili pambali pake. Chilichonse chimene munganene ndichita."

Shehe anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Zimenezo sindingathe, Alhaji. Alifu mwana amamuphunzira kamodzi kokha. Tsiku limene anamutchula koyamba ndinamva ndine, ndipo ndilibe njira yokupatsirani tsiku limenelo. Inu munafuna kumumva atakhoza kale, pamaso pa anthu. Koma mwana amasomera munthu amene anamumvapo akulakwitsa, osamusiya. Sabata yathayi Sudi anayamba sura yatsopano ya m'buku loyera, ndipo ikumuvuta koopsa. Lachinayi mutseke sitolo, mubwere chimanjamanja, mudzamumve akulakwitsa."