Bandeji ya Aphunzitsi a Masamu

M'mawa wa tsiku la intavyu, mtsikana wina amene anali atangomaliza maphunziro a uphunzitsi ankasita bulauzi uku akuyang'anayang'ana mkono wake wamanja. Chapafupi ndi dzanja panali tatuu ya duwa la mpendadzuwa. Anaijambulitsa chaka chimene mayi ake anamwalira, poti mayiwo ankakonda maluwa amenewo. Ngakhale malaya a manja aatali sankaibisa yonse.

"Iwe, taimba foni kusukuluko ufunse ngati amalola zimenezi," anatero mkulu wake akupungulira tiyi m'kapu.

"Achemwali, kufunsa ndiye kudzigwiritsa ndekhatu. Ndingomangapo bandeji basi."

Mtsikanayu anali wakumva zake zokha. Anakulunga mkonowo bwinobwino n'kunyamuka. Mafunso onse anawayankha ngati akumwa madzi, ndipo a hedi, mayi wamagalasi wosachulutsa gaga m'diwa, atamufunsa za mkonowo, iye anati anapsa ndi madzi otentha. Anamulemba ntchito yophunzitsa masamu, koma anati amuyesa kaye miyezi itatu.

Vuto la bodza n'lakuti limafuna kulidyetsa tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse bandeji, madzulo kuchapa bandeji. Ana anamupatsa dzina loti Madamu Bandeji, ndipo ankalimbirana kumufufutira bolodi. Aphunzitsi a sayansi anamubweretsera mankhwala opaka, pomwe mayi ophika tiyi ankamupempherera nthawi ya buleki. Iye ankangoti "Ameni" maso ali pansi, manyazi atamugwira. Komabe ntchito ankaidziwa, moti ngakhale anyamata okhala kumbuyo anayamba kukweza manja.

Kenaka kunayamba kutentha. Thukuta linkaunjikana m'kati mwa nsalu ija, pakhungu panayamba kuyabwa, iye n'kumakanda ndi bolopeni. Pofika mwezi wachitatu, chilonda chongopeka chija chinali chitasanduka chenicheni.

"Chotsani nsanzazi, khungu lipume," anatero nesi kuchipatala. "Milungu iwiri osamangapo kanthu, apo ayi mkonowu utupa."

Imeneyo inali sabata yomwe a hedi amayenera kugamula ngati akhale kapena apite. Lolemba analowa muofesi mwawo mkono uli pamtunda, n'kuulula zonse asanafunsidwe n'komwe. A hedi anatsitsa magalasi n'kuyang'anitsitsa duwalo.

"Ndiye ndi kaduwa aka kamene mwativutitsa nako mitima teremu yonse?"

"Ndinkaopa kuti simundilemba ntchito, mayi."

A hedi anatsegula kabuku ka malamulo a aphunzitsi n'kuloza ndi chala. "Werengani apa. Timaletsa zojambula zolaula ndi zoopseza ana. Duwa laopseza ndani? Chandikhumudwitsa ine ndi bodzalo. Koma ana akukhoza masamu, ndipo mwabwera nokha kudzanena. Ntchito ndi yanu. Mukapepese kwa mayi aja, mawondo atha n'kukupemphererani."

Anakapepesadi. Mayi ophika tiyi anaseka mpaka kugwira khoma, kenaka anati pemphero silipita pachabe, mwina ndi lomwe lamusungira ntchito. M'kalasi ana anazungulira tebulo kuti aone duwalo, anafunsa ngati zinkapweteka pojambula, ndipo pasanathe mphindi zisanu anali atabwerera ku masamu awo. Dzina lokha ndi limene linakanirira.

Madzulo anafika kunyumba ali wosangalala, kalata ya ntchito ili m'chikwama. Mkulu wake anamugwira mkono n'kuuyang'ana pawindo. Chilonda chinali chikuuma, koma chipsera chinali chitadya mbali imodzi ya duwa la mayi awo. Apa m'pamene mtsikanayo anamva chisoni, misozi ili lengelenge.

"Foni ya mphindi imodzi yokha, mng'ono wanga," anatero mkulu wakeyo akumusisita pamsana.

Iye sanatsutse, ndipo aka kanali koyamba. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.