Kobiri la a Matupa ndi Tiki ya Basela

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli mafoni atasanduka misika, ku Balaka kunali bambo wina dzina lake a Matupa. Anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu, ndipo atapuma anayamba kusonkhanitsa ndalama zachitsulo zakale kuti manja asamangokhala.

Panali imodzi imene ankaifunitsitsa: kobiri loboola pakati, la njovu ziwiri, la nthawi ya Chitaganya. Tsiku lawo loyamba kupita kusukulu, mayi awo anawamangirira kobiri lotero m'khosi kuti lidzawathandize pa vuto. Iwo anagulira zitumbuwa sabata isanathe, ndipo mayiwo anamwalira chaka chomwecho. Chinthu chimenechi chinkawaluma mumtima mpaka imvi.

Anamva kuti pa intaneti amagulitsa makobiri oyesedwa ndi akatswiri. Akatswiriwo amaliunika kobirilo, nalipatsa giredi, nalitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi nambala yakeyake. Posakhalitsa anapeza lina lonyezimira bwino, mtengo wake wofanana ndi penshoni yawo ya miyezi itatu. Wogulitsayo ankawalembera pafupipafupi kuti, "Lipirani lero, mawa lipita."

Ali panjira kukatumiza ndalamazo, anapatukira pamsika kwa mlamu wawo a Sikelo, okonza mawotchi, kuti akawaonetse chithunzi. A Sikelo anachiyang'ana nthawi yaitali ndi kagalasi kawo ka ntchito.

"Alamu, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogulitsa chinthu chenicheni sathamangitsa munthu. Bwanji tiwafunse eni nambalayi?"

A Sikelo analemba nambala ya pachithunzi chija patsamba la akatswiri oyesa aja, ndipo panatuluka ndalama ina ya dziko lina, yopanda bowo, yopanda njovu. Chithunzicho chinali chachinyengo. A Matupa anangokhala pabenchi. Ndalama zawo zinapulumuka, koma mtima unaphwa. Atafika kunyumba anatsekera ndalama zawo zakale zonse m'kabati, nati za intaneti azileka.

Mwana wawo Tiyanjane, mphunzitsi ku Liwonde, anamva nkhaniyo. Mwezi wathunthu, anzake akamapita kukamwa tiyi, iye ankatsala m'kalasi kufufuza pafoni. Analembera ogulitsa asanu. Anayi anawakana, wina chifukwa anazemba mafunso, ena chifukwa nambala sizinagwirizane. Wachisanu anali nkhalamba ina ya ku Joni, imene inayankha funso lililonse mosapsa mtima. Loweruka lina Tiyanjane anakwera minibasi kupita ku Balaka, nagwada pambali pa mpando wa bambo ake.

"Ababa, onani. Nambala ndi iyi, chaka ndi ichi, ngakhale kachipsera aka pakhutu la njovu kakuoneka konsekonse, pachithunzi ndi patsamba la akatswiri. Ili ndiye lenileni."

Anawathandizanso kulipira m'njira yoti ndalama zibwerere ngati katundu sapezeka. Koma panatsala vuto limodzi: nkhalamba ija sinkatumiza katundu kunja kwa dziko lake.

Apa ndi pamene analowererapo Mayi Nankhoma, oyandikana nawo nyumba, amene ankapita ku Joni kukapikula mabulangeti.

"Aneba, ndipatseni adiresiyo. Miyendo ndili nayo."

Adiresi ija inali kutsidya lina la mzinda, kumene iwo anali asanapondeko. Anakwera matekisi atatu, anasochera kawiri, ndipo pobwerera anapeza basi yawo itanyamuka, moti anadikira ya tsiku lotsatira ndi katundu wawo yense. Asanalandire phukusilo anali atauza nkhalambayo kuti iwaonetse nambala, naiyerekeza ndi imene Tiyanjane anawalembera papepala. Kenako analimanga pamfundo ya chitenje m'chiuno. Podutsa ku Mozambiki mvula inanyowetsa mabulangeti awo asanu, koma phukusi linafika louma.

A Matupa analitsegula pakhonde. Kobiri linalimo, njovu zake ziwiri zitaimirira, bowo lili pakati. Analigwira pachifuwa, misozi ili mbwembwembwe, osachita manyazi. Koma pansi pake panalinso kabokosi kena, kokhala ndi tiki, ndalama ya makobiri atatu ya nthawi yomweyo, yoyesedwanso ndi akatswiri. Nkhalamba ija inaikamo kakalata konena kuti mayi amene anabwera uja anaifotokozera chifukwa chimene kobirilo linkafunikira, choncho tikiyo ndi basela kwa munthu amene wangoyamba kumene kusonkhanitsa ndalama zakale.

Lamulungu lotsatira a Matupa anaitana atatu aja, nawaphera nkhuku. Atadya, anaika tiki ija patebulo.

"Kobiri ndi langa, ndipo sindidziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Koma tiki iyi siyanga ayi. Ndifuna ipite kwa amene anandithandiza koposa, ndipo kabokosika sikadulika patatu."

A Sikelo anaseka. "Alamu, ine sindinama, ndikuifuna. Pakanapanda diso langa, mukanagulira chiyani?"

"Zoona amalume," anatero Tiyanjane, "koma inu munataya mphindi khumi, ine ndinataya tiyi. Mayi awa anataya basi ndi mabulangeti."

Mayi Nankhoma anagwedeza mutu. "Ine ndinangonyamula, mwanawe. Munthu sanyamula chimene sichinapezeke."

A Matupa anayang'ana mlamu wawo, anayang'ana mwana wawo, anayang'ananso aneba awo, ndipo dzanja lawo silinasunthe patebulo.

Tsono inu mwamva nkhani yonse, tiweruzeni: tikiyo ipite kwa amene anapulumutsa ndalama, kwa amene anapeza kobiri lenileni, kapena kwa amene analifikitsa pakhomo?