Mmene Mbalame Zinatulukira mu Mgwirizano wa Chigwa

Nkhanga wonyada ndi Nkhwali wofatsa anali atsogoleri a dziko la mbalame zoyenda pansi. Ankamvana pa zambiri, koma anasemphana pa nkhani imodzi. Nkhanga ankafuna kuti dziko lawo lituluke mu Mgwirizano wa Chigwa, pomwe Nkhwali ankafuna kuti likhalebe momwemo.

Mgwirizanowo unali wakalekale, ndipo mtundu uliwonse unali ndi ntchito yake. Njiri zinkakumba zitsime m'chilimwe, njati zinkapondaponda udzu kuti moto wolusa usafalikire, mbalame zinkalondera ndi kuchenjeza onse kukabwera mdani. Masiku amenewo anali okoma. Anapiye ankasewera pamsana pa ana a njiri, ndipo pachitsime nyama zinkacheza mpaka dzuwa kupendeka.

Komabe madandaulo analipo, ndipo sanali abodza. Njati zinkadutsa m'dziko la mbalame mosasamala, nthawi zina n'kuponda zisa. Pamisonkhano nyama zikuluzikulu zinkalankhula nthawi yaitali, mbalame n'kupatsidwa mpata ena atayamba kale kunyamuka.

Tsiku lina Nkhanga anasonkhanitsa mbalame zonse pansi pa mtengo wa mtondo. "Abale anga, ife timalawirira kukalondera anzathu iwo ali mtulo," anatero. "Chimene timapezapo ndi mazira osweka. Titulukemo, tizidzilamulira tokha monga ankachitira makolo athu."

"Achimwene, zonsezo n'zoona," anayankha Nkhwali. "Koma makolo amene mukuwanenawo ndi omwe anakapempha kulowa mu mgwirizanowu ludzu litawatha. Tiyeni tikangane nazo njatizo tili momwemo. Tikatuluka adzatimvera ndani?"

"Inu ndi mantha chabe," anatero Nkhanga. "Madzi ali ponseponse." Linali dzinja, ndipo zithaphwi zinali zodzazadi.

Mkanganowo unatha sabata yathunthu, mabanja n'kugawanika. Zinziri wamantha ankangovomereza aliyense amene walankhula komaliza. Potsiriza mbalamezo zinakumba maenje awiri, lina la otuluka lina la otsala, ndipo mbalame iliyonse inaponya kamwala kake. Ofuna kutuluka anapambana ndi timiyala titatu tokha.

Nkhwali ndiye anatumidwa kukapereka uthengawo, chifukwa Njiri wokalamba, wapampando wa Mgwirizano, anali bwenzi lake. Njiri anamvetsera uthenga wonse. "Bwenzi langa, sitikukanizani," anatero. "Kungoti ndikanakonda mukanabwera kudzadandaula, osati kudzatsanzika."

Miyezi yoyamba inali yosangalatsa. Panalibenso njati yoponda chisa, ndipo mbalame zinkagona mpaka dzuwa kutuluka. Kenako mvula inasiya, zithaphwi zinauma, koma panalibe mbalame yodziwa kukumba chitsime. Udzu unangowirira wopanda woupondaponda, ndipo moto utabuka unapsereza zisa zonse za banja la Zinziri.

Nkhanga anapita yekha kwa Njiri, nkhope ili pansi. "Bambo, ndabwera kudzapempha kuti mutilandirenso."

"Ntchito yolondera tinapatsa anyani," anayankha Njiri. "Salondera bwino ngati inu. Mwezi wathawu kambuku watigwirira ana awiri. Koma tinapangana nawo, ndipo sitingawachotse. Madzi muzimwa, koma ngati alendo, eni ake akatha kumwa."

Kuyambira pamenepo mbalame zinkaima chapatali n'kumadikira mpaka chitsime chitatsala matope. Nkhwali ndi Njiri ankangopatsana moni wa patali, popeza tsopano sankamwanso nthawi imodzi. Zaka zinapita choncho, mpaka anapiye atsopano ankaganiza kuti zinthu zinali chomwecho kuyambira kale.

Masana ena, onse awiri atakalamba, Nkhanga ndi Nkhwali anaima limodzi kudikira kuti njati zimalize. "Achimwene, mukukumbukira mmene madzi awa ankakomera?" anafunsa Nkhanga.

"Ndikukumbukira."

"Nanga bwanji zaka zonsezi simunandidzudzulepo?"

Nkhwali anausa moyo. "Chifukwa nanenso ndinalakwa. Za zisa zopondedwazo ndinkazidziwa kalekale, koma pamisonkhano ndinkangoti chete kuopa kukhumudwitsa anzanga akuluakulu. Ndikanalankhula msanga, abale athu sakanakumverani."

Njati yomaliza itachoka, nkhalamba ziwirizo zinatsikira kuchitsime pang'onopang'ono. Zinawerama mbali ndi mbali, n'kumwa madzi amatopewo.

Phunziro: Musanachoke pagulu, musangoona zimene likukulandani, onaninso zimene limakuchitirani inu osazindikira, chifukwa malo amene mwasiya sakudikirani. Nanunso okonda umodzi musabise zolakwika zake. Dandaulo limene inu mwalikhalira chete, wina adzaligwiritsa ntchito kugawa anthu.