Kasupe wa Kafulatira

Mbiri iyi ndinaimva koyamba chaka chimene ndinkayendayenda m'midzi ya kumapiri kukhoma zidebe, ndipo anandiuza ndi a Sandalamu, nkhalamba yosema mipini, amene nawonso anaimva kwa akuluakulu a pamudzi umene ankakhala.

Kale, nkhondo itabalalitsa midzi ya kuchigwa, Chimbalanga wa mfunda wa Phiri anatsogolera mbumba yake kuthawira kumapiri. M'gululo munali mkamwini, Kafulatira wa a Mbewe, mwamuna wa Naphiri, mlongo wa Chimbalanga. Kwawo kwa Kafulatira kunali kutatenthedwa, abale ake onse nathera pomwepo. Iyeyo ndiye analambula njira, ndiyenso anakumba chitsime pamudzi watsopano, komabe pabwalo ankakhala kumapeto kwa mphasa monga akhalira mkamwini aliyense.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri Naphiri anamwalira. Atameta maliro, eni mbumba anafulula mowa, namusudzula mkamwiniyo kuti abwerere kwawo, ana atsale ndi amalume awo. Chidani panalibe ayi. Mwambo unali womwewo.

Kafulatira analandira chikho, nafunsa motsitsa mawu: "Alamu, mwati ndipite kwathu. Kwathuko n'kuti?"

Chimbalanga anazolika, nangoti mwambo anaupeza, sanauyambe ndi iye.

Kutacha, Kafulatira ananyamula khasu lake, nawoloka mitsinje iwiri, nakhala pansi pa mkuyu. Analingalira kuti munthu ali ndi malo atatu, kumene anagwa mchombo, kumene anakhetsa thukuta, ndi kumene adzagona. Oyamba anali phulusa, achiwiri anam'mana, ndipo otsalawo panalibe wina womukonzera. Choncho anayamba kudzikumbira manda. Dzenje litafika m'mawondo madzi anatumphuka, ndipo tsiku lomwelo chitsime cha kumudzi chinaphwa, kutsala matope okhaokha.

Mwana wake wamkazi, Nthambi, ndiye analondola mapazi a bambo ake, nabwerera ndi mtsuko wodzaza. Amayi ena anamutsatira. Mwezi usanathe Chimbalanga mwini anafika, nakhala pansi chapatali, naomba m'manja kupempha malo omangapo.

"Mangani, alamu," anatero Kafulatira. "Koma akakufunsani kwanu muzitchula pano, inenso ndizitchula pomwepano."

Kasupeyo alipo mpaka lero, wotalika ngati manda a munthu wamkulu, ndipo saphwa ngakhale m'chilimwe choopsa. Pamudzi wa pakasupepo sasudzula mwamuna wofedwa asanamufunse pamaso pa anthu ngati kwawo kulipo, ndipo akakhala chete amamupatsa munda.

Atafika apa a Sandalamu anadzuka, nkhuku zitangolowa kumene, nasonkhanitsa mipini yawo. Ndinawafunsa ngati iwo ndi a mbumba ya Chimbalanga.

"Ine? Ndine mkamwini, achimwene," anatero akusansa zipalapala pamalaya. "Mayi a kunyumba anatisiya zaka zisanu zapitazo. Eni mbumba anandifunsa pabwalo paja, ine n'kungoyang'ana pansi."