Sitima ya Sikweya ndi Mapanga Ake

Ana inu, pali mwambi wina wonena za mapanga umene akulu amakuponyerani mukamazengereza. Ena amati unayamba ndi mlenje wina kuphiri. Mlenjeyo ine sindinamuonepo. Amene ndinamuona ndi Sikweya wa ku Luchenza, ndipo ndikakumbuka zimene anachita, mtima umandiwawabe.

Sikweya anali khukhi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Bwana wake pobwerera kwawo anamusiyira bokosi. M'bokosimo munali sitima yachidole yoyendera batire: mutu wobiriwira wolemera ngati njerwa, mabogi ake okokedwa pambuyo, ndi njanji zochepa zowongoka. Ndagulitsa katundu wakale pamsika mpaka imvi izi, koma mutu wa sitima wokongola chotero sindinaugwirepo. Unali ndi kanyali kutsogolo, ndipo ukamayenda unkalira ngati njuchi ili m'botolo.

Munalinso chopatutsira chimodzi. Ichi ndi chidutswa cha njanji chimene chimagawa msewu pawiri. Chili ndi kalilime kachitsulo. Mukakakankhira uku sitima ipita kumanja, mukakakankhira uko ipita kumanzere. Cha Sikweya chinali chothyoka sipuling'i, kotero kalilimeko kankangolendewera.

Sikweya anamanga thandala lalitali kuseli kwa nyumba yake, pafupi ndi ngalande, nayalapo njanji zake. Zinathera pa chopatutsira pomwepo. Njanji zachidole sizipezeka m'golosale, ndipo iye anayamba kuzisaka.

Anayamba ndi mlamu wake, Naliwa, mkulu wake wa mkazi wake, amene ankagulitsa zidole za m'mabelo a kaunjika. Mayiyu anafufuza belo ndi belo, kufunsa anzake a ku Limbe, mpaka anatolera njanji zenizeni zokwana mkono wonse ndi theka.

"Alamu, izi sindikugulitsani," anatero Naliwa. "Koma muumbe kaphiri kokhala ndi phanga kumapeto kwake, mulembepo dzina langa. Sitima izigona mmenemo."

"Ikagonenso kuti, alamu? Phanga ndi lanu," anayankha Sikweya.

Njanjizo zinamuchepera m'maso. Anapita kwa mnansi wake Che Mdoka, wokhoma zidebe. Che Mdoka anasiya mbaula ndi ndowa za anthu, nakhala masabata akupinda timizere ta malata, kutikhomera pa timatabwa, kuyeza ndi kuyezanso kuti mawilo akwane. Zala zake zinadzaza mabala.

"Achimwene, ndalama ayi," anatero popereka. "Anthu adziwe chabe kuti njanji ya Mdoka imanyamula sitima. Mundiumbire phanga, izigona kwanga."

"Ikagonenso kuti, Che Mdoka? Phanga ndi lanu."

Mwaona? Mawu omwewo, osasintha ngakhale mpumiro. Ife amalonda timatchula mitengo iwiri pa chinthu chimodzi, inde, koma sitigulitsa ndowa imodzi kwa anthu awiri.

Sikweya anayala njanji za Naliwa kumanja kwa chopatutsira, za Che Mdoka kumanzere, naumba timapiri tiwiri ta simenti kumapeto kwake, kalikonse ndi phanga lake louma bwino. Mayina sanalembe; ankati penti yavuta. Ndipo sitima sinalowe m'phanga lililonse. Inkanyamuka, kufika pa chopatutsira, kuima, n'kubwerera chammbuyo ngati munthu woiwala chipewa. Madzulo mwini wake ankainyamula kukaigoneka m'nyumba.

Naliwa akafunsa, yankho linali lakuti, "Chopatutsira, alamu. Chikangokonzedwa, basi."

Che Mdoka akafunsa, yankho linali lomwelo. Tsiku lina mmisiriyu anabwera ndi sipuling'i ya m'bolopeni ndi kapulayala.

"Kanthu aka n'kosavuta. Ndipatseni ndikonze muli chiimire."

"Ayi, ayi, musadzivutitse. Zinthu zachizunguzi zimafuna munthu wa ku Blantyre."

Apa m'pamene pamandipsetsa mtima. Chopatutsiracho sichinkavuta kukonza. Sikweya ankachisunga chothyoka dala, chifukwa chikanakhala chabwino akanayenera kuchiloza mbali imodzi. Chinali chishango chake. Mkazi wake anamuchenjeza.

"Bambo a Tiyese, achemwali anga si opusa, ndipo Che Mdoka si wogontha. Sankhani mmodzi, winayo mukamupepese."

"Mayi, zinthu zimadzikonza zokha munthu ukadekha," anatero Sikweya, napitiriza kupukuta mabogi.

Sizinadzikonze. Naliwa ndi Che Mdoka anakumana pamsika, mayiyo akugula ndowa, ndipo pocheza aliyense anadzitama ndi phanga lake. Ndowayo sinagulidwe.

Pa Khirisimasi masana, anthu atavala zatsopano anadzaza kuseli kwa Sikweya kudzaona sitima. Mitambo inali itada kale cha ku Mulanje. Naliwa anafika naima kumanja kwa thandala, Che Mdoka kumanzere, onse manja m'chiuno.

"Alamu, lero ilowe kwanga," anatero Naliwa. "Apo ayi, ndikuzula njanji zanga pamaso pa anthu onsewa."

"Zulani, mayi, zanuzo ndi zotola m'zinyalala za azungu," anatero Che Mdoka. "Zanga ndinakhetsera magazi. Achimwene, ilowe kuno, kapena ndikutenga malata anga ndikapangire mbaula."

"Malata opindikawo? Sitima ikuwaopa, n'chifukwa chake imabwerera."

Anthu anaseka. Sikweya anasekanso, kuseka kwa mano okha, nalumikiza mawaya ku batire. Sitima inanyamuka, kufika pamphambano, n'kubwerera. Madontho oyamba anagwa pa malata a nyumba.

"Inyamuleni, bambo, mvula iyi," anatero mkazi wake.

Sikweya anatambasula dzanja kuti ainyamule, koma Naliwa analigwira. "Lero siyikulowa m'nyumba. Phanga munaumbira chiyani?"

"Pamenepo pokha tagwirizana," anatero Che Mdoka.

Mvula inakula. Sitima inali panja, madzi akuyenderera pa mabogi, mapanga onse awiri ali gwa, ouma, otalikirana ndi mphambano mkono ndi theka chabe. Chimene chinkafunika ndi chala chimodzi kukankha kalilime mbali imodzi ndi kukagwira. Akanataya bwenzi mmodzi kwa mwezi, mwina iwiri. Anthu amapsa mtima n'kuphwa.

Sikweya anayendetsanso sitima. Anakankhira kalilime kumanja, naona nkhope ya Che Mdoka. Anakakankhira kumanzere, naona nkhope ya mlamu wake. Sitima inali itafika. Ndipo munthu wamkulu, wa ana ndi zidzukulu, anagwira kalilimeko pakatikati, ngati kuti chitsulo chingamve chisoni n'kudzigawa pawiri.

Mawilo a kutsogolo anatsata njanji ya Naliwa, a kumbuyo njanji ya Che Mdoka. Mutu unapotoka, unagwa chammbali, unakoka mabogi ake onse, ndipo zonse zinatsetsereka pathandala mpaka m'ngalande, mmene madzi ofiira ankathamanga. Kanyali kanathima. Pamene ankauvuula, mutuwo unali utadzaza matope, ekiselo ya mawilo itapindika. Anauyanika, anaupukuta, anapita nawo kwa okonza mawailesi mpaka ku Limbe. Sunalirenso.

Tsiku lomwelo Naliwa anazula njanji zake, Che Mdoka anazula zake. Sanasiye ngakhale msomali. Sikweya anaima pamvula, malaya a Khirisimasi atamatirira pathupi, akuyang'ana timapiri take. Mkazi wake sanamubweretsere ambulera. Anaima pakhonde nati, anthu onse akumva:

"Mukanakhala ndi phanga limodzi, bwenzi sitima ili youma. Mapanga awiri akuvumbwitsani."

Anthu anawatenga mawuwo popita kwawo, ndipo anayenda kuposa mmene sitimayo inayendera.

Ndiwo mwambiwo, ana inu: mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wokhala ndi pothawira pamodzi mvula ikabwera amathamangira pomwepo. Wokhala ndi pawiri amaima pakati akuyeza kuti pabwino ndi pati, ndipo mvula siyembekeza kuti amalize kuyeza. Ukalonjeza anthu awiri chinthu chimodzi, usaganize kuti wapeza abwenzi awiri. Wangochedwetsa tsiku lowataya onse. Sankha kusanade kumwamba, ndipo amene sunamusankhe umuuze pamaso. Adzakutukwana, koma iwe udzakhala wouma.